Ndipatseni maova atatu

Lamlungu lina la mwezi wa Novembala, pabwalo lina kum'mwera kwa Johannesburg, kaputeni wa timu yathu ya kiriketi anandiponyera mpira koyamba. Ndinali ndi zaka 41, ndipo ndinali nditadikira tsikuli chaka chathunthu. Mpira woyamba unagwera pafupi kwambiri, womenya anaukwapulira kumalire. Wachiwiri anauphonya. Wachitatu anaudutsitsa pamwamba pa mtengo wa bulugama, moti tinataya mphindi zisanu tikuusakasaka m'udzu. Wachisanu unapotoka ndendende mmene ndinkafunira, unakhudza m'mphepete mwa chomenyera n'kuuluka kulunjika kwa mnyamata amene anaima chapakatikati. Mnyamatayo anaugwetsa. Ova itatha, marani 14 atapita, kaputeni ananditenga mpira m'manja uku akumwetulira. "Mwayesetsa, madala. Kaimeni kumalire." Chaka chimenecho sindinaponyenso pamasewero alionse.

Madzulo ake, tikumwa zoziziritsa kukhosi pansi pa mtengo womwewo, mkulu wina amene amaphunzitsa ana patimupo anandiuza mwachifundo kuti ndisadzivutitse. Anati sipini ndi luso loyamba uli mwana, dzanja likakhwima silimvanso. Kwathu tikanati kuwongola mtengo n'kuuyamba uli waung'ono. Mawu amenewa ndawamva kwa makaputeni, kwa makochi, ngakhalenso kwa anzanga ochokera kumudzi amene amaseka akandiona nditanyamula thumba la mipira. Ine ndikuti mawuwa ndi ulesi wovala jekete la nzeru, ndipo akuwononga kiriketi ya anthu wamba m'chigawo chathu chino.

Kwa amene masewerowa simuwadziwa, nkhani yake ndi iyi. Woponya amatumiza mpira wolimba wachikopa, wolemera magalamu pafupifupi 160, pamtunda wa mamita 20, kulunjika timitengo titatu timene womenya akuteteza. Mipira 6 ndiyo ova imodzi. Oponya alipo a mitundu iwiri. Ena amathamanga kuchokera kutali n'kuponya mwaliwiro kuti womenya asapeze nthawi yoganiza. Ena amangoyenda mapazi ochepa, n'kupota mpira ndi zala kapena ndi mfundo ya dzanja, kuti ukagunda pansi ukhote. Amenewa ndiwo a sipini. Mpira wopotedwa bwino umachita zinthu zitatu: umasendera m'mbali uli m'mwamba, umatsika msanga kuposa mmene diso likuyembekezera, ndipo ukagunda pansi umasintha njira. Aliyense amene anakwapulapo nguli ali mwana akudziwa kale kuti chinthu chozungulira chili ndi maganizo akeake.

Tsono tandiuzani, pa mitundu iwiriyi, ndi uti umene munthu wamkulu angaphunzire? Liwiro limafuna msana, mawondo ndi mapapo a mnyamata. Ine ndikati ndithamange mapazi 20 n'kudumpha, Lolemba sindidzuka kupita kuntchito. Sipini imafuna zala zolimba, kubwerezabwereza chinthu chimodzi osatopa, mtima wosapsa ukamenyedwa, ndi kuwerenga munthu amene waima patsogolo pako. Ndine telala. Kwa zaka 20 zala zanga zakhala zikukoka ulusi, kugwira sizasi ndi kuyendetsa nsalu pansi pa singano. Ndimadziwa kuyang'ana kasitomala n'kuzindikira kuti akufulumira kapena akunamizira kudekha. Mwana wa zaka 12 alibe zimenezi. Ali ndi zake zimene ine ndilibe, sindikukana, koma amene akuti munthu wamkulu amabwera chimanjamanja sanayang'ane manja a anthu ogwira ntchito.

Mbiri ya kiriketi ya kuno komwe ikutsutsana nawo. Reggie Schwarz anabadwa mu 1875 ku England, anasewerapo rugby m'timu ya dzikolo, kenaka anasamukira ku South Africa. Mu 1904, ali ndi zaka 29, anaphunzira kwa Bernard Bosanquet kaponyedwe ka googly, mpira umene umaoneka ngati ukhotera uku koma n'kukhotera uko. Zimene anaphunzirazo anagawana ndi anzake atatu, Aubrey Faulkner, Bert Vogler ndi Gordon White. Mu 1905 mpaka 1906 South Africa inagonjetsa England masewero anayi mwa asanu. Chipambano choyamba cha dzikoli pa masewero a Test chinachitika mu Januwale 1906 pabwalo lakale la Wanderers, malo amene pambuyo pake anamezedwa ndi Park Station, pomwe ambiri a ife obwera ku Joni tinatsikira basi ndi chikwama chimodzi. Timu imeneyo inali ya azungu okhaokha, ndipo agogo athu sakanaloledwa kuvala yunifolomu yake. Koma mfundo yake siisintha: luso limene linatukula kiriketi ya dziko lino linaphunziridwa ndi munthu wandevu kale.

Pravin Tambe wa ku Mumbai anayamba ngati woponya waliwiro lapakatikati, n'kudzasinthira ku leg spin akusewera m'makalabu wamba. Mu 2013, ali ndi zaka 41, zaka zanga zomwezo za tsiku la bulugama lija, anasewera koyamba mu IPL m'timu ya Rajasthan Royals asanaseweretu kiriketi yapamwamba ya m'dziko lake. Sikandar Raza wa ku Zimbabwe anachitidwa opaleshoni pamkono mu 2021, ali ndi zaka pafupifupi 35, ndipo anakakamizika kumasula kaponyedwe kake konse n'kukamanganso mwatsopano. Chaka chotsatira ku Perth anagwetsa mawiketi atatu, Zimbabwe n'kugonjetsa Pakistan ndi rani imodzi pa mpikisano wa dziko lonse wa T20. John Traicos anali ndi zaka 45 mu 1992 pamene Zimbabwe inasewera Test yake yoyamba ku Harare. Anagwetsa mawiketi asanu a India, kuphatikizapo Sachin Tendulkar amene anatuluka wopanda rani. Clarrie Grimmett wa Australia anagwetsa mawiketi 44 paulendo wa ku South Africa mu 1935 mpaka 1936, iye ali ndi zaka 44.

Ndikudziwa chimene kochi uja angayankhe, ndipo ali ndi mfundo. Anthu onsewa anagwira mpira wa kiriketi ali ana. Sanayambire pa ziro ngati ine. N'zoona. Sindikuwatchula kuti ndiziti ndidzafika pamene anafika. Ndikuwatchula chifukwa akugwetsa mizati iwiri ya bodza lija: kuti dzanja lokhwima silingaphunzire kayendedwe katsopano, ndi kuti thupi la zaka 40 lapitirira pa sipini. Mizati iwiriyo ikagwa, chotsala ndi funso la kuchuluka kwa mipira imene munthu waponya pamoyo wake. Mwana amene anayamba ali ndi zaka 10 waponya masauzande ambiri kuposa ine. Mankhwala a vuto limeneli ndi kuponya. Tsono n'chifukwa chiyani amene akundiuza kuti ndaponya mipira yochepa ndi omwewo akundilanda mpira?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Patimu yathu timakumana kuneti kamodzi pasabata, ola limodzi ndi theka, dzuwa lisanalowe. Oponya timakhala asanu kapena asanu ndi mmodzi pa neti imodzi, kusinthanasinthana. Ukachita mwayi uponya mipira 30. Womenya wa muneti saopa kutuluka, ndiye amangokwapula chilichonse, ndipo iwe sudziwa ngati mpira umene wauluka uja ukanagwidwa kapena ukanadutsa malire. Pamasewero enieni, ngati kaputeni akupatsa ova imodzi pamwezi, ndiye kuti nyengo yonse ya chilimwe sufika mipira 40. Palibe luso padziko pano limene munthu angaliphunzire ndi muyeso umenewu. Mutandipatsa mwana woti aphunzire kusoka, ine n'kumamulola kukhudza makina mphindi zisanu pasabata, kenaka n'kulengeza kuti alibe mphatso, wolakwa angakhale ndani?

Ine ndinadzithandiza ndekha. Ndinagula mipira yakale 6, n'kupeza neti yapasukulu ina imene mlonda wake amandilola kulowa m'mawa. Ndimayala mpango wa m'thumba pamalo amene mpira uyenera kugwera, n'kuponya 6, kukatola, kubwerera, kuponyanso. Pa ola limodzi ndimafika mipira 70 kapena 80. Miyezi itatu yoyamba mpira unkagwera paliponse, nthawi zina padenga la neti. Chala chamkombaphala chinatupa, chinachita thuza, thuzalo linaphulika, pamalopo panamera chikanga. Akazi anga anandifunsa kuti, "Kodi abambo, chala chimenechi n'chimene chimatidyetsa, mwaiwala?" Sindinaiwale, ndipo n'chifukwa chake ndimapumira masiku awiri pasabata. Pofika mwezi wachisanu ndi chitatu, mipira inayi mwa 6 inkagwera pafupi ndi mpango, ndipo inkakhota. Dzanja la zaka 40 linamva. Limamva mochedwa, koma limamva.

Vuto lenileni lili m'mutu mwa kaputeni, ndipo dzina lake ndi mantha. Woponya waliwiro akaponya mpira woipa, nthawi zambiri womenya wa m'ligi yathu amauphonya chifukwa wamudutsa msanga, ndipo palibe amene amakumbukira. Wa sipini akaponya woipa, mpira umakwera kumwamba aliyense akuona, ukagwera pagalimoto ya munthu. Kulakwa kwa wina kumabisika, kulakwa kwa wina kumaonekera patali, ndipo kaputeni amaweruza ndi maso m'malo mowerenga buku la marani. Ndinaliwerenga bukulo. Mnyamata wathu waliwiro tsiku lomwe lija anapereka marani 11 pa ova yake yoyamba, asanu mwa iwo ochokera ku mipira yolambalala, koma anapatsidwa maova ake onse. Palibe amene anamutuma kumalire.

Shane Warne, amene anadzagwetsa mawiketi 708 pa masewero a Test, anayamba ku Sydney mu Januwale 1992 ndi wiketi imodzi pa marani 150. Australia inamulola kuponya maova 45 tsiku ndi tsiku akumenyedwa. Akanakhala pansi pa kaputeni wathu, bwenzi atauzidwa kuti wayesetsa, akaime kumalire. Sipini ndi msampha, ndipo msampha sutcheredwa n'kuwonjoledwa mphindi yomweyo. Ova yoyamba umaonera mmene womenya amapondera, yachiwiri umamukoka kuti atuluke pamzere wake, yachitatu ndi imene amakodwa. Nthawi zina sikisi ija ndi nyambo, chifukwa munthu amene wamenya kamodzi mtima umamuuza kuti amenyenso. Kaputeni wochotsa wa sipini pa ova imodzi walipira nyambo koma wakana kudikira nsomba.

Palinso nkhani ya kaimikidwe ka ogwira mpira. Woponya waliwiro angathe kugwetsa timitengo yekha. Wa sipini amadalira anzake: wogwira kumbuyo kwa timitengo amene ali tcheru, ndi anthu awiri kapena atatu oimikidwa kumene mpira wokwezedwa ungagwere. Makaputeni ambiri a m'magulu athu sadziwa kuimika anthu a sipini, chifukwa nawonso palibe anawaphunzitsa. Amasiya anthu pomwe anaima nthawi ya woponya waliwiro, kapena amawamwaza onse kumalire moti womenya amangotola rani imodzi imodzi popanda chomuopsa. Ndiponso amaika wosagwira bwino pamalo pomwe mpira ukubwera. Zikalakwika, mlandu umagwera woponya. Pa ova yanga ija, mpira wachisanu ukanagwidwa, buku likanati wiketi imodzi, ndipo madzulo aja kochi bwenzi akunena kuti anaona mphatso mwa ine kuyambira kale.

Ena adzati timu imabwera kudzapambana, si sukulu ya akuluakulu, ndipo anthu khumi sangataye Lamlungu lawo kuti madala mmodzi aphunzire. Funsoli ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Ndikanakhala kuti ndikupempha malo m'timu yoyamba ya kalabu, imene ikulimbirana chikho, bwenzi ndili wodzikonda. Koma ine ndili m'timu yotsiriza, ya m'gulu lapansi, imene masabata ena timachita kuimbira foni achibale kuti tikwane 11. Ndalama yaumembala ndimalipira yofanana ndi ya aliyense. Ndimabwera msanga kudzayala mphasa ndi kuika zizindikiro za malire. Ngati timu yotere si malo ophunzirira, malo ake ali kuti? Komanso amene akuti akufuna kupambana akudzinamiza. Omenya a m'magulu apansi anazolowera mpira wobwera molunjika ndi liwiro lapakatikati, chifukwa ndi umene amauona sabata iliyonse. Mpira wochedwa, wokwera pamwamba pa maso, wokhota, sawudziwa. Timu imene ingalere wa sipini mmodzi yekha kwa nyengo ziwiri idzakhala ndi chida chimene anzawo alibe.

Tsopano ndifike pamene pamandiwawa kwenikweni. Mukanena kuti kiriketi ndi ya amene anayamba ali ana, mwasankha kale anthu ake. Ndani anayamba ali mwana? Ndi amene sukulu yake inali ndi bwalo, neti ndi mphunzitsi wamasewerowa. Ine ndinakulira ku Malawi, ndipo pasukulu yathu panali bwalo la mpira wamiyendo ndi la ntchemberembaye basi. Kiriketi tinkaimva ngati masewero a amwenye ndi azungu a m'tauni. Malawi inalowa payokha m'bungwe la ICC mu 2003, ine ndili wamkulu kale. Kuno ku South Africa, anthu akuda a msinkhu wanga ndi opitirira anakula nthawi imene malamulo a tsankho ankagawa mabwalo ndi masukulu potengera khungu. Ku Zimbabwe nakonso kiriketi inakhala nthawi yaitali m'masukulu owerengeka. Chipata chinatsekedwa tili ana. Lero chatsegulidwa, koma pakhomo paima munthu wonena kuti olowa ndi okhawo amene analowa kale. Sanena za khungu kapena za ndalama, amangonena za zaka, koma otsala kunja ndi omwe aja.

Mabungwe oyendetsa masewerowa amanyadira mapologalamu a ana, ndipo ndi ntchito yabwino. Ana a m'makomboni amene akugwira chomenyera lero ndi ambiri kuposa kale. Koma mwana sadzipititsa yekha kubwalo. Amafuna munthu womuperekeza Loweruka, womuponyera mpira kuseri kwa nyumba, womvetsa chifukwa chake walira atatuluka pa mpira woyamba. Masewero amafuna oimbira, olemba marani, osamalira bwalo, okhala m'komiti. Onsewa ndi akuluakulu, ndipo munthu wamkulu amadzipereka pa chinthu chimene analawako. Mukathamangitsa bambo wa zaka 40 amene anabwera yekha ndi chidwi chake, mwathamangitsa kochi wa mawa, woimbira wa mawa, ndi ana ake atatu. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 amadziwa kale kugwira mpira modutsa msoko, chifukwa amanditolera mipira Loweruka m'mawa. Palibe pologalamu imene inamupeza. Anaphunzira chifukwa bambo ake anakana kumva kuti achedwa.

Anzanga ophunzira mochedwa, nanunso ndili nanu mawu, chifukwa ena a ife timapereka tokha chikwapu kwa otinyoza. Timaonera mavidiyo a pa YouTube usiku wonse, m'mawa n'kufuna kuponya googly, flipper ndi carrom ball pa ova imodzi. Siyani zimenezo. Sankhani mpira umodzi. Ngati ndi off spin, ikani chala chamkombaphala ndi chapakati motalikirana pamsoko, mupotokole ngati mukutsegula chitseko. Ngati ndi leg spin, ntchito ili pa mfundo ya dzanja ndi chala cha mphete, ndipo mudziwiretu kuti njira imeneyo ndi yaitali. Yambani ndi kupota mwamphamvu, kulunjika kudzabwera pambuyo. Amene amayamba ndi kulunjika amathera pa kuponya mpira wochedwa wosakhota, umene ndi chakudya cha womenya aliyense. Mphamvu ichokere m'chiuno ndi paphewa, mutembenukire pa phazi lakutsogolo. Chigongono chisawongoke poponya, chifukwa malamulo a ICC salola kupitirira madigiri 15, ndipo woimbira wa Lamlungu alibe makina oyezera, amangoona kuti mukugenda. Pemphani mnzanu akujambuleni pafoni kuti muone zimene thupi lanu likuchita. Ndipo musapemphe mpira kwa kaputeni musanathe miyezi ingapo muli nokha ndi mpango wanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma tikachita mbali yathu, makalabu achite yawo. Zimene ndikupempha sizifuna ndalama. Neti imodzi, theka la ola, ikhale ya a sipini okha, popanda womenya, pakhale wogwira kumbuyo kwa timitengo kuti nayenso aphunzire. M'timu yotsiriza ya kalabu iliyonse, wa sipini amene wakhala akubwera kuneti apatsidwe maova atatu otsatizana, pakatikati pa masewero, osati ova yomaliza pamene omenya akuwotcha chilichonse. Kaputeni afunse woponyayo kumene akufuna anthu aime, ndipo wogwira bwino koposa aikidwe kumene mpira ukuyembekezeka. Kuweruza kuchitike pakutha pa nyengo, buku la marani lili patebulo. Ndipo kochi amene sadziwa kuphunzitsa sipini anene chilungamo kuti sadziwa, asabise umbuli wake m'zaka zanga.

Nyengo yathayi kaputeni wathu anapita ku ukwati wa mchemwali wake, timu inatsogozedwa ndi mkulu wina wochokera ku Bulawayo, wogwira kumbuyo kwa timitengo, wa zaka zoposa zanga. Anandipatsa mpira pa ova ya 12 n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mukufuna anthu pati?" Ova yoyamba ndinapereka marani 9. Yachiwiri 4. Pa yachitatu womenya amene anali atandikwapula kawiri anatuluka pamzere kuti andimalize, mpira unatsika msanga, unakhota, unamudutsa, ndipo mkulu uja anagwetsa timitengo iye asanabwerere. Ndinapatsidwa ova yachinayi. Buku likuti mawiketi awiri pa marani 24. Masewerowo tinagonja, ndipo sindinganame kuti ndinasanduka katswiri. Sabata yotsatira kuneti ndinaponyanso mipira iwiri padenga.

Kaputeni atabwerako anaona bukulo n'kunena kuti omenya a timu ija anali ofooka. Mwina analidi ofooka. Njira yodziwira ndi imodzi yokha. Nyengo yatsopano ikuyamba mu Okutobala, ndalama yaumembala ndalipira kale, ndipo chikanga cha pachala chidakalipo. Akulu, ndipatseni maova atatu.